Kodi Sikirini ndi ya Ndani? Mtsutso wa Njira Ziwiri Zolembera Mawu mu Assembly

Assembly ndi chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chimene mzere wake uliwonse umaimira lamulo limodzi lopita kwa purosesa, kachipangizo kamene kamawerengetsa ndi kutsata malamulo onse m'kompyuta, ndipo malamulowo ndi ang'onoang'ono kwambiri, monga kusuntha nambala, kuphatikiza manambala awiri kapena kudumphira pa lamulo lina. M'zinenero zapamwamba monga C ndi Python, wofuna kuti mawu aoneke pa sikirini amalemba mzere umodzi basi, koma mu assembly mulibe lamulo lotere, chifukwa purosesa sidziwa chilembo ndipo sidziwanso kuti kunja kwake kuli sikirini. Chimene imadziwa ndi manambala ndi malo owasungira. Wolemba pulogalamu amatsala ndi njira ziwiri: kupempha pulogalamu ina imene ili kale m'makinamo kuti imulembere, kapena kuika yekha manambala a zilembozo pamalo pamene chipangizo choonetsera chimawerenga. Kusankha kumeneku kunagawanitsa akatswiri kuchokera mu 1981, chaka chimene kampani ya IBM inatulutsa IBM PC, ndipo ngakhale kuti makina asintha, funso lenileni lidakalipo, loti kodi pulogalamu imodzi ili ndi ufulu wotenga sikirini ngati yake kapena iyenera kudzera kwa woyang'anira.

Kuti mtsutsowu umveke, m'pofunika kudziwa kaye mmene makinawo anapangidwira. IBM PC inali ndi purosesa ya Intel 8088 yothamanga pa 4.77 MHz, ndipo wogula ankasankha pakati pa makadi awiri oonetsera, MDA imene inkaonetsa zilembo za mtundu umodzi, ndi CGA imene inkaonetsa mitundu ingapo. Makadi onsewa ankatha kugawa sikirini m'mizere 25, mzere uliwonse wa malo 80, kutanthauza timabokosi 2,000, ndipo kabokosi kalikonse kankatenga ma byte awiri. Byte ndi kagawo ka memory, kapena kuti kosungira manambala, kamene kamasunga nambala imodzi kuyambira 0 mpaka 255. Byte yoyamba inkasunga nambala ya chilembo, yachiwiri mtundu wa chilembocho ndi wa kumbuyo kwake, kotero kuti sikirini yodzaza inali ma byte 4,000 okha. Memory imeneyi inali pa khadi lenilenilo, koma purosesa inkaiona ngati gawo la memory yake, kuyambira pa adiresi B0000h ya MDA ndi B8000h ya CGA. Chilembo cha h chimene chili kumapeto chimasonyeza kuti nambalayo yalembedwa mu hexadecimal, kawerengedwe ka zizindikiro 16 kamene kamagwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F.

Njira yoyamba, imene IBM ndi Microsoft ankalimbikitsa, inali yodzera mu BIOS kapena mu DOS. BIOS ndi timapulogalamu tokhazikika m'kachipangizo ka m'makinamo timene timayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, pamene DOS inali operating system, kutanthauza pulogalamu yaikulu yoyang'anira mafayilo ndi mapulogalamu ena onse. Ziwirizi zimaitanidwa ndi lamulo la INT, limene limaimitsa kaye pulogalamu n'kupereka purosesa kwa woitanidwayo mpaka atamaliza. Asanaitane, wolemba amaika pempho lake mu ma register, timalo tochepa tosungira manambala mkati mwa purosesa momwe. Akafuna chilembo chimodzi kudzera mu BIOS, amaika 0Eh mu AH, nambala ya chilembo mu AL, n'kuitana INT 10h, ndipo BIOS imalemba chilembocho, imasuntha cursor, kaja kachizindikiro kophethira kosonyeza pamene chilembo chotsatira chigwere, ndipo mzere ukatha imatsikira pa wina. Akafuna chiganizo chonse kudzera mu DOS, amaika 09h mu AH, adiresi ya mawuwo mu DX, n'kuitana INT 21h, koma mawuwo ayenera kuthera ndi chizindikiro cha $, chimene DOS ikachipeza imaima. Chizolowezi chimenechi chinachokera ku CP/M, operating system ya Gary Kildall ndi kampani yake ya Digital Research, imene Tim Paterson anatsanzira kaitanidwe kake polemba 86-DOS mu 1980, ndipo zotsatira zake n'zoti ntchito nambala 09h siingathe kulemba mtengo wa chinthu m'madola popanda kudukiza pakati.

Njira yachiwiri ilibe woitanidwa. Wolemba amaloza register ya ES pa chiyambi cha memory ya sikirini, n'kuyamba kuikamo ma byte. Kuti mawu oti Moni aoneke pakona yakumanzere pamwamba, motuwa pa sikirini yakuda, ma byte 8 oyambirira ayenera kukhala 4D, 07, 6F, 07, 6E, 07, 69, 07, pamene 4D ndi M, 6F ndi o, 6E ndi n, 69 ndi i, ndipo 07 aliyense ndi mtundu. Akasintha 07 kukhala 1F, zilembo zimayera mbee pa sikirini yobiriwira ngati thambo. Malo ena aliwonse amapezeka pochulukitsa nambala ya mzere ndi 80, kuwonjezera nambala ya malo mumzerewo, kenako kuchulukitsa zonse ndi 2. Palibe amene amauzidwa kuti mawu alembedwa, chifukwa khadi limawerenga memory yakeyo mosalekeza pojambula sikirini, ndipo nambala ikangosintha chilembo chatsopano chimaoneka pa kujambula kotsatira.

Oikira kumbuyo njira yachindunjiyi mfundo yawo yaikulu inali liwiro, ndipo pa makina a nthawi imeneyo mfundoyi inali yolimba kuposa mmene ambiri amaganizira lero. Chilembo chimodzi chodzera mu DOS chinkayamba chadutsa m'magawo a DOS yeniyeniyo, kuphatikizapo kuona ngati munthu wadina Ctrl-C, kenako n'kuperekedwa kwa BIOS, imene inkasunga kaye ma register, kufufuza mmene sikirini yatcheredwera, kuwerengetsa malo, kulemba, n'kuuza khadi malo atsopano a cursor, ndipo ulendo wonsewu unkabwerezedwa pa chilembo chilichonse mwa zilembo 2,000 zija. Wolemba mwachindunji ankatha kukonzeratu sikirini yonse pamalo ena m'memory, n'kuisamutsa yonse ndi lamulo limodzi la REP MOVSW, limene limakopera ma byte awiriawiri mobwerezabwereza mpaka chiwerengero chitakwana. Kusiyana kwake sikunkafuna chipangizo choyezera, popeza munthu wokhala pa kiyibodi ankaona ndi maso ake mizere ikutsika umodziumodzi m'njira yoyamba, pamene m'njira yachiwiri tsamba lonse linkangotulukira kamodzi.

Mfundo yawo yachiwiri, imene imaiwalika kawirikawiri ngakhale kuti ndi yolemera koposa, inali yoti woyang'anirayo analibe zambiri zimene ankapemphedwa. DOS yoyambirira inalibe ntchito yoika cursor pamalo osankhidwa kapena yosintha mtundu wa zilembo, chifukwa inkaona sikirini ngati pepala lotuluka m'makina otayipira, limene limangopita kutsogolo. Thandizo la ANSI.SYS linabwera ndi DOS 2.0 mu 1983, koma linkagwira ntchito pokhapokha mwini kompyuta atalilemba yekha m'fayilo ya CONFIG.SYS, choncho wogulitsa pulogalamu sakanalidalira. Nayo ntchito ya 0Eh ya BIOS sinkasintha mtundu wa zilembo pa sikirini ya mawu, ndipo ntchito ina imene inkasintha mtundu sinkasuntha cursor, kotero kuti chilembo chimodzi chamtundu chinkafuna maitanidwe awiri. Msewu ukamazungulira kutali, anthu amadula njira m'munda wa eni, ndipo woidula sakhala wolakwa yekha. Chitsanzo chodziwika ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yowerengetsera ndalama m'mizere ndi m'mipanda imene Mitch Kapor ndi Jonathan Sachs anatulutsa mu Januwale 1983. Inalembedwa mu assembly, inkalemba mwachindunji ku memory ya sikirini, ndipo inagonjetsa msanga Multiplan ya Microsoft, imene inapangidwa mosamala kuti izitha kusamutsidwira pa makina amitundu yambiri. Ogula sanafunse kuti ndi pulogalamu iti imene ikutsatira malangizo; anasankha imene manambala ake ankasintha msanga akadina batani.

Komatu walira mvula walira matope. Wolemba mwachindunji ankasenza yekha ntchito zonse zimene BIOS ikanamugwirira: kudziwa ngati makinawo ali ndi MDA kapena CGA kuti asalembe pa adiresi yopanda kanthu, kumasulira yekha nambala 13 ndi 10 zimene zimabwezera cursor kumayambiriro ndi kuitsitsa mzere umodzi, kukankhira mizere yonse m'mwamba sikirini ikadzaza, ndi kusuntha cursor polankhula ndi kachipangizo ka Motorola 6845 kudzera pa makomo a 3D4h ndi 3D5h. Pa khadi loyambirira la CGA panalinso vuto lina, loti purosesa ikakhudza memory panthawi imene khadi likuiwerenga pojambula mizere ya malo 80, pa sikirini pankabalalika timadontho toyera. Pofuna kupewa zimenezi, pulogalamu inkayenera kumayang'ana khomo la 3DAh ndi kulemba pa kanthawi kochepa kamene kuwala kojambula kukubwerera kukayamba mzere wina, ndipo kudikira kumeneku kunkadya gawo la liwiro lomwe ankalifunalo. Oikira kumbuyo njirayi ankati zonsezi ndi ntchito ya tsiku limodzi imene ikalembedwa bwino siibwerezedwanso, ndipo pa mfundo imeneyi ankanena zoona.

Otsutsa njira yachindunji sankakana kuti ndi yachangu. Chimene ankanena n'choti mtengo wake sulipidwa ndi wolemba pulogalamu koma ndi anthu ena, ndipo umalipidwa mochedwa. Cholinga cha operating system ndi kuima pakati pa pulogalamu ndi zipangizo, kuti pulogalamu yolembedwa kamodzi iziyenda pa makina aliwonse okhala ndi operating system yomweyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunali makompyuta angapo oyendera MS-DOS koma opangidwa mosiyana ndi IBM PC, monga DEC Rainbow 100, Texas Instruments Professional Computer ndi Tandy 2000, ndipo ena mwa iwo ankaposa IBM PC pa liwiro kapena pa kaonekedwe ka sikirini. Pulogalamu yodzera mu INT 21h yokha inkayenda pa onsewa, koma yolemba pa B8000h inkafuna kukonzedwanso pa makina aliwonse, ndipo ogulitsa mapulogalamu ambiri sankavutika kutero. Makina amenewa anazimirira pamsika, ndipo amene anapulumuka ndi otsanzira IBM mpaka pa adiresi iliyonse, monga Compaq Portable ya 1983 ndi makina ambirimbiri a makampani amene anagula BIOS ya Phoenix Technologies kuyambira mu 1984. Zinafika poti wogula ankayesa kompyuta yatsopano poyendetsapo Lotus 1-2-3 ndi Microsoft Flight Simulator, mapulogalamu awiri odziwika ndi kukhudza zipangizo mwachindunji, kuti aone ngati ikufananadi ndi IBM. Pamenepa mpamene pali chitsutso chachikulu: zosankha zimene akatswiri a IBM anapanga pa makina amodzi mu 1981 zinasanduka lamulo la makampani onse kwa zaka zambiri. Malire otchuka a 640 KB a memory akukhudzana ndi nkhani yomweyi, chifukwa malo osungidwira makadi oonetsera amayambira pa A0000h, pamene ma 640 KB amathera, ndipo malowo sakanasunthidwa popanda kupha mapulogalamu onse amene anali atawazolowera.

Chitsutso china chikukhudza kumene mawu amapita. Kuyambira pa DOS 2.0, mawu odzera mu DOS ankatha kupatutsidwa, moti munthu akalemba chizindikiro cha > ndi dzina la fayilo, zimene zikanaoneka pa sikirini zinkalowa m'fayilo, kapena kupita ku pulinta, kapena kuperekedwa kwa pulogalamu ina. Mawu olembedwa pa B8000h sapatutsika, chifukwa DOS siidziwa n'komwe kuti alembedwa. Vuto lomweli linagwera mapulogalamu oyesa kuyendetsa ntchito zingapo nthawi imodzi m'mawindo, monga TopView ya IBM ndi DESQview ya Quarterdeck ya 1985, popeza pulogalamu yolemba mwachindunji inkadetsa windo la inzake ngakhale itaikidwa kumbuyo. Linagweranso anthu osaona amene ankagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga sikirini mokweza, chifukwa njira yosavuta yodziwira kuti pafika mawu atsopano inali kutchera khutu pa maitanidwe a BIOS, ndipo mawu olambalala BIOS ankafika mwakachetechete. Mfundo imeneyi siiyenera kupeputsidwa, pakuti liwiro limene munthu woona ankasangalala nalo linkachititsa kuti wina asadziwe msanga zimene zalembedwa.

Palinso nkhani ya zilembo zenizenizo. Byte imodzi pa kabokosi imalola zizindikiro 256 zokha, ndipo zimene IBM inaika m'makadi ake, zotchedwa code page 437, zinali za Chingerezi, zina za zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, zochepa za Chigiriki ndi timizere tojambulira mabokosi. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'mabuku ena a Chichewa ndi a Chitumbuka, mulibemo. Mu UTF-8, kalembedwe kamene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992 ndipo lero ndi kofala pa intaneti, chilembochi ndi ma byte awiri, C5 ndi B5, ndipo munthu akawaika mwachindunji m'timabokosi ta sikirini ya mawu amaona timizere tiwiri tojambulira mabokosi m'malo mwa chilembo chimodzi. Woikira kumbuyo njira yachindunji angayankhe kuti makadi a EGA ndi VGA amalola kulowetsa maonekedwe a zilembo zatsopano, ndipo n'zoona, koma zikatero pulogalamu iliyonse iyenera kukonza yokha nkhani ya zilembo, pamene yodzera mwa woyang'anira imangopereka ma byte, n'kusiyira terminal, pulogalamu yoonetsa mawu pa sikirini, ntchito yowamasulira ndi kuwajambula.

Poyeza mbali ziwirizi, chooneka n'choti mtsutsowu sunathe chifukwa choti mbali ina inakhutiritsa inzake. Malinga ngati purosesa inkalola pulogalamu iliyonse kukhudza adiresi iliyonse, malangizo a IBM ndi Microsoft anali pempho chabe, ndipo pempho lochedwetsa pulogalamu pamsika wa mpikisano silikanamveka. Zinthu zinasintha ndi Intel 80386 ya 1985, imene inakulitsa chitetezo chimene chinayamba ndi 80286, n'kupatsa operating system mphamvu yopatsa pulogalamu iliyonse maadiresi akeake ongoyerekeza. Pa makina amenewa DESQview ndi Windows zinkatha kunamiza pulogalamu yakale kuti ikulemba pa sikirini yeniyeni pamene ikulemba m'memory wamba, imene kenako inkakoperedwa m'windo. Lero pulogalamu wamba ya pa Linux ikayesa kulemba pa B8000h imaimitsidwa nthawi yomweyo, chifukwa adiresiyo siinaperekedwe kwa iyo. Njira yotsala ndi kupempha kernel, mtima wa operating system: pa purosesa za x86 za ma bit 64 wolemba amaika 1 mu RAX kutanthauza ntchito ya write, 1 mu RDI kutanthauza kotulukira mawu, adiresi ya mawu mu RSI ndi kutalika kwake mu RDX, n'kupereka lamulo la SYSCALL. Chofunika kuchiona apa n'choti njira imeneyi inachiritsa zofooka zenizeni zimene olemba mwachindunji ankadandaula nazo, pakuti chiganizo chonse chimapita ulendo umodzi, kutalika kwake kumanenedwa poyera m'malo modalira $, ndipo purosesa ndi zachangu moti kuchedwa sikuonekanso ndi maso. Olemba Lotus 1-2-3 sanalakwitse mu 1983, koma otsutsa awo ndi amene anaona bwino kumene zinthu zikupita, ndipo mlandu waukulu uyenera kugwera amene anapereka njira yovomerezeka yosakwanira n'kumayembekezera kuti anthu aitsatira.

Kumene mtsutsowu udakali wamoyo ndi m'maphunziro ndi pakati pa olemba ma operating system atsopano. Aphunzitsi ena amayambira pa SYSCALL, ponena kuti ndi imene wophunzira adzakumane nayo pantchito, ndi kuti INT 10h ndi INT 21h ndi za makina a ma bit 16 amene sagulitsidwanso. Umboni uli kumbali yawo, popeza BIOS yakale yalowedwa m'malo ndi UEFI, imene ili ndi njira yakeyake yolembera mawu yotchedwa OutputString, ndipo mu 2017 Intel inalengeza kuti idzasiya kuthandiza BIOS yakale pofika 2020; komanso mafoni a m'manja ndi timakompyuta monga Raspberry Pi, zoyendera purosesa za ARM, zilibe B8000h ngakhale pang'ono. Ena amayankha kuti wophunzira amene wangoitana SYSCALL waona register zinayi zikudzazidwa koma sanaone chilembo chikubadwa, chifukwa ntchito yonse yachitikira kuseri kwa kernel, ndipo cholinga chophunzirira assembly chinali kuona kuseriko. Iwowa amapatsa wophunzira ntchito yolemba boot sector, kapulogalamu ka ma byte 512 kothera ndi 55h ndi AAh kamene BIOS imakweza pa adiresi 7C00h, kumene kulibe DOS kapena Linux woti n'kumupempha. Kapulogalamu kameneka kakangolowa mu protected mode, kachitidwe kotetezedwa ka purosesa, ngakhale INT 10h siigwiranso ntchito, ndipo B8000h imakhala njira yapafupi yoti kernel yongobadwa kumene isonyeze kuti yadzuka.

Pa nkhani ya maphunziroyi, mbali yachiwiri ili ndi mfundo yolemererapo, malinga wophunzira auzidwe momveka kuti zimene akuchitazo ndi zoonera mmene makina amagwirira ntchito, osati chitsanzo cha kalembedwe ka pulogalamu yopatsa anthu. Lingaliro loti chipangizo chingaoneke ngati memory, moti kulemba nambala pa adiresi ina kumachititsa chinthu kunja kwa purosesa, silinakalambe, chifukwa ndi momwemo mmene wolemba pulogalamu ya kachipangizo ka ARM amatumizira chilembo ku UART, khomo lotumizira ma byte pa waya, kapena kuyatsira kababu kakang'ono. Adiresi ndi imene imasintha kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Kuyesa zonsezi sikufunanso kompyuta yakale kapena ndalama, popeza NASM, imene imasandutsa assembly kukhala manambala a purosesa, ndi QEMU kapena DOSBox, zimene zimatsanzira makina akale m'windo, ndi zaulere ndipo zimayenda pa laputopu wamba, ngakhale kuti B8000h imene wophunzirayo akulembapo m'windomo ndi memory imene operating system yamubwereka.